Mmene Gemu Inatsikira M'chigwa cha Honde

Pakamwa pa agogo anga aamuna, mawu akuti gemu ankanena anthu ovala yunifomu. "A gemu" anali aja oteteza nyama zakutchire, ogwira munthu akamupeza ndi msampha kapena mwendo wa gwape m'thumba. Agogo anabwera nawo mawuwa kuchokera kwawo ku Mulanje, ndipo kuno sanawasowe ntchito, pakuti kumtunda kwathu kuli nkhalango ya boma ya Nyanga. Lero mukaima pa Ruda kapena pa Hauna m'chigwa muno n'kumva mwana akulirira gemu, palibe angaganize za gwape. Mwanayo akufuna foni ya amayi ake. Pakati pa a gemu a agogo ndi gemu ya mwanayu padutsa zaka pafupifupi 70, ndipo zambiri mwa izo ndaziona ndekha, poyamba ndili mwana wa m'komboni ya tiyi, kenako ndili mwini kashopu kosewetsa magemu, pano ndili wokonza mafoni.

Ife olankhula Chichewa m'chigwa muno tinabwera ndi tiyi. Kunayambira ndi ku Chipinge. Mu 1924 azungu awiri omwe adagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Assam, Arthur Ward ndi Grafton Phillips, anadzala tiyi pa famu ya New Year's Gift, kufupi ndi mtsinje wa Tanganda, womwe dzina lake lili pa paketi ya tiyi m'makhitchini ambiri a mu Zimbabwe. Minda ya Ratelshoek, Jersey ndi Zona inadza pambuyo. Kuno ku Honde tiyi anafika m'zaka za m'ma 1950, makampani atatsegula Aberfoyle ndi Eastern Highlands m'tsinde mwa phiri la Nyangani, ndipo Katiyo, ya boma, inatsatira. Tiyi amafuna manja ambiri, ndipo manja odziwa kale kuthyola masamba awiri ndi kansonga anali ku Thyolo ndi ku Mulanje, komwe tiyi anayamba kulimidwa mu 1891. Ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi bungwe la Mthandizi, ena anangoyenda wapansi kudutsa m'dziko la Apwitikizi. Agogo ankati adzakhala zaka ziwiri, agule njinga ndi makina osokera, abwerere. Anachona, ndipo manda awo ali konkuno.

M'komboni momwe ndinakulira, akuluakulu ankasiyanitsa zinthu zitatu, aliyense n'kumadziwa malire ake. Panali masewera, omwe anali a ana: phada, fulaye, chibisalirano, mpira wachikulunga, magalimoto a mawaya, ndi masanje omwe anzathu Achimanyika ankawatcha mahumbwe. Munthu wandevu sankapezeka pamenepo. Panali bawo. Ndiye panali juga.

Kwathu bawo sankaiwerengera m'gulu la masewera. Ukati agogo akusewera, mbama inali pafupi. Unkayenera kunena kuti ali pa bawo. Thabwa lawo linali la mlombwa, losemedwa ndi mmisiri wina wa ku Mangochi yemwe ankagwira ntchito kufakitale: mizere 4, maenje 8 pa mzere uliwonse, njere 64. Lamlungu masana ankaliika pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, amuna n'kumafika mmodzimmodzi. Achimanyika anali ndi tsoro yawo ya maenje okumba pansi, yofanana ndi nsolo wathu, koma akamva kugogoda kwa njere pa thabwa ankadziwa kuti achimwene asonkhana. Chomwe sindiiwala ndi zala. Munthu amene wathyola tiyi sabata yonse zala zake zimada ndi utomoni wa masamba, zimang'ambika m'mphepete mwa zikhadabo, koma pa bawo zala zomwezo zinkapepuka, kutola njere, kugwetsa imodziimodzi, go go go, kudya za mnzake, kutembenuka, mpaka dzanja litagona. Agogo ankatha kukhala duu nthawi yaitali, maso pa thabwa, milomo ikugwedera pang'ono, akuwerengera mumtima komwe njere yomaliza ikagwere. Oonerera sankaloledwa kulangiza, ndiye ankatsokomola. Wina akalunjikitsa dzanja ku dzenje lolakwika, unkangomva chifuwa chagwira anthu atatu nthawi imodzi. Wogonja ankanyamuka pa mpando, wina n'kukhalapo, ndipo wopambana ankakhalabe mpaka atapezeka womudzutsa. Ndalama panalibe. Munthu ankapita kunyumba ndi mbiri basi, ndipo mbiriyo inkamulondola mpaka pa sikelo Lolemba, kapitawo akumuseka pomuyezera dengu.

Juga inali nkhani ina. Inkatchovedwa tsiku la malipiro, ndi makhadi, kuseri kwa bala kapena m'kati mwa mizere ya tiyi momwe alonda sakanaona msanga. Otchova juga ankadziwika mayina, moti akazi awo ankawadikirira pakhomo pa ofesi kuti alande envulopu isanafike kumizere. Mpingo unkadula munthu chifukwa cha juga, ashehe ankadzudzula kumzikiti, apolisi akawapeza ankamanga. Sikuti anthu akale anali oyera ayi. Juga inalipo yambiri, ndipo ana ena ankagona ndi njala chifukwa cha iyo. Koma inali ndi dzina lakelake, ndipo woichita ankadziwa yekha kuti afunika kubisala.

Nthawi yomwe azungu ndi Ajapani ankayamba kusewera ndi makina, chigwa chino chinali pa moto. Mu 1972 kampani ya Atari ku America inatulutsa Pong, timizere tiwiri tomenyerana kadontho pa sikirini, ndipo chaka chomwecho Magnavox inayamba kugulitsa kabokosi ka Odyssey kolumikiza ku TV ya m'nyumba. Ku Japan kunatuluka Space Invaders mu 1978, Pac-Man mu 1980. Kuno zaka zimenezo omenyera ufulu ankalowa kuchokera ku Mozambique, pa Ruda panali msasa wa asilikali a Smith ndi bwalo lawo la ndege, anthu a m'midzi anatsekeredwa m'makipu a waya, ndipo mu December 1976 antchito 27 anaphedwa usiku umodzi pa esiteti ya Aberfoyle. Abambo anga amati ngakhale bawo inayamba yaleka, chifukwa amuna akakhala pagulu mbali zonse ziwiri zinkafuna kudziwa chomwe akupangana. Ufulu utadza mu 1980 tinapumako pang'ono, kenako chakumapeto kwa m'ma 1980 zigawenga za Matsanga za ku Mozambique zinayamba kuwoloka malire usiku, ife ana n'kumagonekedwa m'tchire. Wailesi yakanema inalipo m'dziko muno kuyambira 1960, koma inali ya m'tauni ndi ya m'nyumba za mamanejala pamwamba pa phiri. Kwathu magetsi ankathera pa fakitale ndi m'nyumba za akalaliki.

N'chifukwa chake gemu yoyamba yomwe tinaigwira ndi manja sinali yamagetsi. Inali slug, mpira wapatebulo uja wa tizidole tokhomeredwa pa ndodo zachitsulo, womwe eni mabala ndi magolosale pa Hauna ankauika pakhonde. Umaponya khobidi pa kabowo, kukoka kachitsulo, timipira gubudugubudu kutsika. Timipira tikatha, gemu yatha. Mawuwa tinkawamva kale pa wailesi, timu ya Dynamos ikamakumana ndi Highlanders, koma pa slug ndi pomwe anapezera tanthauzo lomwe ali nalo mpaka lero: gemu ndi mpata wosewera wochita kugula, uli ndi poyambira ndi pothera, ukatha ulipirenso. Phada sankagulidwa, ndipo ankatha amayi akaitana kuti nsima yapsa. Palibe ankati "phada mmodzi ndi zingati". Pa slug tinaphunzira kunena kuti "ndigulireko gemu", "gemu yotsatira ndi yanga", ndipo khobidi loikidwa m'mphepete mwa tebulo linkasungira mwini wake malo. Lamulo limodzi slug inalitenga kwa bawo osalisintha: wopambana akhale, wogonja achoke. Chowonjezera chinali chakuti wolowa kumene ndiye wolipira, moti mnyamata wadzanja labwino ankatha kuswera pamenepo ndi khobidi limodzi. Makina oimirira aja a Pac-Man ndi Street Fighter II tinkangowaona tikapita ku Mutare, m'malo ogulitsira tchipisi, tili kumbuyo kwa ana a m'tauni.

Gemu yamagetsi inalowa m'komboni m'chikwama cha amayi ogula katundu kunja. Boma litayamba ndondomeko ya zachuma ya ESAP mu 1991, malamulo olowetsa katundu anafewa, ntchito zinayamba kutha m'matauni, ndipo amayi ambiri anayamba maulendo a ku Francistown ndi ku Johannesburg, popita atanyamula madoilo oluka, pobwera atasenza katundu wotchipa wa ku China ndi ku Taiwan. M'katundumo munali Brick Game, kapulasitiki kokwana m'manja, kasikirini kotuwa, mabatire awiri kumbuyo. Pamwamba ankalemba kuti muli magemu 9999, koma ukafufuza unkapeza kuti ndi ochepa okhaokhawo, angosintha liwiro. Yaikulu inali ya njerwa zogwa kuchokera kumwamba zomwe umazitembenuza kuti zidzaze mzere. Ndadziwa ndili wamkulu kuti imeneyo ndi Tetris, yopangidwa ndi Alexey Pajitnov ku Moscow mu 1984. Ife tinkangoti ya njerwa. Mwana wa aphunzitsi athu ndiye anali nako, ndipo kanapangidwira munthu mmodzi, koma sindinakaonepo kali ndi munthu mmodzi. Mitu isanu kapena isanu ndi umodzi inkachita kuunjikana pamenepo ngati nkhuku pa lichero la madeya, aliyense akukuwa kuti tembenuza, tsitsa, wapha! Gemu imodzi inali kuyambira pomwe walandira kufikira kanyimbo ka kufa katalira. Malipiro anali mango, nzimbe, kapena kumutungira madzi mwini wake. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kapena kuwaluma ndi mano kuti atipatseko mphindi zina.

Kenako kunabwera TV game. Msuweni wanga, mwana wa amalume omwe ankagwira ntchito pa esiteti ina ku Chipinge, adathawira ku Joni, ndipo pa Khirisimasi ina chapakati pa m'ma 1990 anatulukira kwathu ndi katoni yojambulidwa mfuti ndi asilikali. M'nyumba mwathu munalibe TV kapena magetsi, ndiye tinakagwada kwa akalaliki ena omwe anali ndi TV yosaonetsa mitundu. Ankazula waya wa eriyo, kulowetsa wa gemu, kupotokola kabatani pang'onopang'ono, mchenga uja wa pa sikirini n'kusanduka zilembo. Makaseti ake anali achikasu. Kaseti ikakana, unkaizula, kuiuzira mpweya fuu, kuibwezera. Makina amenewa anali ndi mayina ambiri, Golden China, Terminator ndi ena, koma onse anali oberekera ku Famicom yomwe Nintendo inatulutsa ku Japan mu 1983, dzina lomwe ife sitinkalidziwa n'komwe. Dzina lakuti TV game tinaliwerenga pa katoni, ndipo n'zoseketsa kuti Ajapani eniake amawatcha motero, terebi gemu, pomwe Amereka amati video game. Magemuwo tinawapatsa mayina athu. Super Mario Bros. ya mu 1985 inali ya kamdala, Contra inali ya asoja, ina inali ya akasinja, ndipo Duck Hunt inali ya galu, chifukwa ukaphonya bakha ndi mfuti yapulasitiki ija galu ankatulukira m'maudzu n'kukuseka. Agogo anabwera kamodzi kudzaona chomwe chathetsa ana m'komboni. Anaima pakhomo, chipewa m'manja, akuona kamdala kakudya bowa n'kukula. "Munthu wodya bowa aliyense wamupeza panjira sakalamba," anatero, n'kubwerera ku thabwa lawo.

Mayi a m'nyumbamo ndiwo sankagona tulo. "Chotsani chinthu chanucho, chitiphera TV!" Chikhulupiriro chimenechi chinali ponseponse, kuti gemu imapha TV, ndipo abambo ambiri akaweruka ankayamba agwira kumsana kwa TV kuti amve ngati yatentha. Chomwe chinkapsa kawirikawiri chinali adaputa, chifukwa tinkaiyatsa kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zitalowa. Chaka china kunabwera alendo ochokera ku Mulanje kudzaona agogo, ali ndi kamnyamata. Ku Malawi nthawi imeneyo kunalibe wailesi yakanema ya dziko, pakuti Television Malawi inadzayamba mu 1999, ndiye kamnyamatako kanaona TV ndi gemu tsiku limodzi n'kuganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Madzulo nkhani zitayamba, kanatola padi n'kumadina batani kuti bambo wowerenga nkhaniyo adumphe.

Akuluakulu anaika TV game m'gulu la masewera a ana, ndipo sanalakwitse. Koma usiku ana akathamangitsidwa, nyimbo ya kamdala inkamvekabe m'nyumba ya akalaliki, ndipo osewerawo anali ndi ndevu. Apa mawu aja anagwira ntchito yomwe sindinaizindikire nthawi imeneyo. Bambo wa ana atatu sakanati ndikusewera, akanachita manyazi. Ankati ndili pa gemu, ndipo zinkamveka bwinobwino. Mpanda wa pakati pa ana ndi akulu unagwera pamenepo, popanda wodandaula.

Mafoni a m'manja anayamba m'dziko muno ndi NetOne mu 1996, Econet n'kutsatira mu 1998 Strive Masiyiwa atalimbana ndi boma m'makhoti zaka zingapo. M'chigwa muno netiweki inachedwa, mapiri akutchinga, moti anthu anagula mafoni netiwekiyo isanafike pakhomo. Kuti uimbe unkakwera chitunda chodziwika, n'kukapezako anzako atakweza manja m'mwamba. Masiku ena onse foni inali ya Snake. Kanjoka kaja kanayamba pa Nokia 6110 mu 1997, koma kuno kanafika ndi Nokia 3310 yomwe inatuluka mu 2000. Mu foni yomweyo munali gemu ina yotchedwa Bantumi, ya maenje ndi njere. Nditaiona ndinathamangira kwa agogo, omwe nthawi imeneyo anali atapuma ntchito, maso atayamba kuchita chifunga.

"Agogo, taonani, bawo yalowa mu foni."

Anaibweretsa pafupi ndi mphuno, akuwerenga ndi chala. Mizere iwiri, maenje 6 pa mzere, nkhokwe uku ndi uku.

"Mizere ina iwiri ili kuti?"

"Ilipo yomweyi, agogo."

"Nanga ndilimbana ndi yani?"

"Ndi foniyo."

"Ikagonja imanyamuka?"

Ndinasowa choyankha, iwo n'kundibwezera. Anati ameneyo ndi nsolo wa ana. Funso lawo lomalizalo linali lenileni. Aka kanali koyamba kuti gemu ikhale m'thumba mwa munthu mmodzi, yosagula mpata, yosadikira mzere, yopanda womudzutsa pa mpando.

Mu 2008 ndalama inafa. Makobidi anasanduka zitsulo wamba, matebulo a slug anaunjikidwa kuseri kwa masitolo, ndipo mu January 2009 tinaona pepala la madola 100 thiriliyoni lomwe silinkakwana kukwerera basi ya ku Mutare. Dola ya ku America italoledwa chaka chomwecho, malonda anadzukanso, ine n'kusiya ntchito ya ku esiteti kukachita lendi kachipinda kufupi ndi Hauna. Ndinaikamo ma TV awiri akale aja a chimsana, mabenchi, kajenereta, ndi ma PlayStation 2 awiri ogula kwa ena. Makinawa anatuluka mu 2000, kunja anali atakalamba kale, koma kwa ife anali atsopano. Madisiki anali okopera, ochokera ku misika ya ku Mutare. Ndinagula a nkhondo, a nkhonya, a mipikisano ya magalimoto, koma omwe ankadyetsa banja langa anali a mpira okha, FIFA ndi Pro Evolution Soccer. Gemu imodzi inali mpira umodzi, mphindi zisanu mbali iliyonse. Vuto linali chenji. Dola inabwera ya mapepala, makobidi ake sanabwere, ndiye tinkagwiritsa ntchito makobidi a rand, ndipo akasowa ndinkalemba m'kope kuti uje watsala ndi magemu atatu. Makobidi a bond anadzafika mu December 2014. Makasitomala ndinkawadziwa ndi nyengo: anyamata opakira nthochi m'malole opita ku msika wa Mbare ankabwera lole ikanyamuka, manja ali utomoni, othyola tiyi ankadzaza kumapeto kwa mwezi, ana asukulu Loweruka. Atsikana ankangosuzumira pakhomo, olowa anali owerengeka. Mapadi otchipa sankachedwa kufa, mabatani othamangira ndi omenyera mpira ndiwo ankayamba, ndipo pofuna kupulumutsa ndalama ndinaphunzira kumasula, kupukuta ndi kuwotcherera mawaya. Luso lomwe ndikudyera lero linachokera m'mapadi amenewo.

M'kachipindamo lamulo la bawo linali lamoyo. Wogonja ankapereka padi, wopambana n'kukhalabe, kumbuyo kuli khamu lomwe silinalipire kanthu koma likudziwa bwino kuposa osewerawo. Adzukulu a anthu a ku Mulanje ndi ku Zomba ankatukwanirana Drogba ndi Messi m'Chishona, Chichewa n'kumangotulukira munthu akapsa mtima kapena akamanena mnzake mwachinsinsi. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma pa benchi yanga chinkacheperachepera chaka ndi chaka. Mawu akuti magemu okha ndiwo sankasowa womasulira, anali amodzi mbali zonse. Malamulo anga anali awiri: wa yunifomu salowa nthawi ya sukulu, ndipo kubetcha ayi. Lachiwirilo linali lovuta, chifukwa obetcha sanali osewera. Anali awiri oimirira kumbuyo, opatsirana dola mwakachetechete chigoli chikalowa. Ndikawaona ndinkawatulutsa, ndipo ankatuluka mwamanyazi, osatsutsa. Makolo ankandida ena, sindikana. Mayi ankafika ndi kamtengo m'manja, "Achimwene, mwana wanga ali muno?" ndipo ankamupezadi, n'kumukoka khutu mpaka kunyumba. Nthawi imeneyo gemu inali ndi khomo lomwe kholo likanatha kugogoda.

Shopuyo anaipha ndi mafoni otchipa a Itel, Tecno ndi Huawei. Magetsi anachulukirako, timasiteshoni tamagetsi a madzi titamangidwa pa Pungwe ndi mitsinje ina ya m'chigwa, masola n'kufika pafupifupi khomo lililonse. Ana anayamba kupatsirana Temple Run, Candy Crush ndi mpira wa Dream League foni ndi foni, osalipira kanthu. Benchi inayamba kukhala yokha, ine n'kugulitsa ma TV, kugula zida zokonzera mafoni. Sindinalire kwambiri. Malonda amabadwa n'kufa, ndipo tiyi weniweniyo wachepa m'chigwa muno, ambiri atembenukira ku nthochi.

Chomwe chimandidetsa nkhawa chinafika pambuyo pake, ndipo chinafika ndi dzina lomweli. M'malamulo a boma, mawu a Chingerezi akuti gaming amanena juga. Bungwe loyang'anira juga kuno ndi Lotteries and Gaming Board, ku Malawi ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority. Makampani a kubetcha nawo amandandalika zinthu zawo pansi pa mutu wakuti magemu. Yotchuka kwambiri ndi Aviator, yomwe inatuluka mu 2019, ndipo aliyense kuno amaitcha kandege. Umaika ndalama, kandege kofiira n'kunyamuka, nambala yochulukitsira ndalama yako n'kumakwera kuchokera pa 1. Ukadina kandege kasanathawe, walandira. Kakathawa usanadine, zapita. Luso palibe, chifukwa pothawira pake amasankha ndi makina, ndipo onse ogulitsa timapulogalamu tolosera kandege ndi akuba. Opanga gemuyi amanena okha kuti pa madola 100 alionse obetchedwa, 97 ndiwo amabwerera kwa osewera onse pamodzi. Zikumveka zochepa, koma ulendo umodzi wa kandege umatha m'masekondi. Munthu woika dola imodzi maulendo 100 amakhala atasiyako pafupifupi madola 3, ndipo maulendo 100 satenga ola. Mu January 2025 boma linayamba kudula 10 peresenti pa zomwe obetcha apambana, umboni wakuti ndalama zodutsa kumeneko si zamasewera.

Kandege ndi juga yomwe ija ya m'mizere ya tiyi, koma siifuna mizere. Imaseweredwa pa benchi ya kumbuyo m'tchalitchi, mu kombi yotsika ku Hauna, pa mzere wa sikelo. Malipiro ambiri masiku ano amalowa mu foni kapena ku banki, ndiye mkazi alibe envulopu yoti akailande pakhomo pa ofesi. Ukamufunsa munthu akuchita chiyani, amati ndili pa gemu, mawu omwe aja ankabisa manyazi a bambo wosewera kamdala, ndipo wofunsayo amangodutsa. Mawuwa anameza masewera a ana, anameza mpando wa bawo, ndipo juga nayo yalowa momwemo. Pa zitatu zomwe akuluakulu ankasiyanitsa, ziwiri zoyambazo kusakanikirana kwake sikunapweteke munthu. Kamdala sikanadyepo malipiro a wina aliyense, ndipo anyamata ambiri a m'shopu mwanga anaphunzira Chingerezi powerenga malangizo a pa sikirini kuposa chomwe anatola m'kalasi. Ndimatsutsana ndi alaliki omwe amatemberera magemu onse mtolo umodzi, chifukwa potero mwana amakwapulidwira Temple Run pomwe bambo ake ali phee pakona ndi kandege.

Ku shopu kwanga amayi amabwera ndi foni ya mwana. "Achimwene, tandichotserani magemu onse mufonimu, ndalama zikutha pakhomo." Ndimawakhazika pa mpando, n'kutsegula foniyo limodzi nawo. Ndimawaonetsa kuti iyi ndi ya mpira, siifuna ngakhale bandulo. Iyi ndi yothamanga, imangodya batire. Kenako ndimawafunsa ngati pali gemu yomwe imapempha ndalama isanayambe, n'kuwaonetsa pomwe mauthenga a ndalama za pafoni amakhala, kuti aone okha ngati pali timadola tomwe tikutuluka motsatizana pakati pa usiku. Ndimawauzanso kuti kandege nthawi zambiri sikakhala m'foni moti n'kukafufuta, kamatsegulidwa pa intaneti ngati tsamba lina lililonse. Ena timakapezadi m'foni ya mwanayo, makamaka anyamata a Fomu 3 ndi 4. Koma kawirikawiri foni ya mwana imatuluka yoyera, mayi n'kukhala chete kanthawi, kenako n'kufunsa ngati ndingayang'anenso ina. Inayo mwini wake sabwera nayo kwa ine pokhapokha sikirini itasweka.